Mzere Wachitatu

A Namakhwa anadula bolodi pakati ndi choko,
chikulira ngati khoswe wa kudenga.
Kuno zolowa, uko zotuluka,
chotsala pansipa ndiye phindu.
Ndipo phindu, ana inu, silidziwa m'bale.

Kalabu ya bizinesi, Fomu 3,
tinasonkha mazana asanu aliyense,
nkupikula zinanazi dengu limodzi,
kusenda, kudula, kuyala pambale yamalata
pa siteji ya Chitakale.
Filimoni pakamwa, Edina thumba la ndalama,
ine cholembera.
Masiku atatu tinayenda ngati eni sitolo.
Lachinayi chiperoni chinatsika m'phiri,
am'minibasi anatseka mawindo,
ndani angadye chinanazi mano akugogoda?
Zisanu ndi ziwiri zinavunda, tizilombo tinachita phwando.
A Namakhwa anati, lembani,
kuluza nakonso kuli ndi tsamba lake.

Kenako ntchito yakunyumba:
pezani geni ya pakhomo, muisungire buku mwezi wathunthu.

Ndinasankha zitumbuwa za amayi,
zomwe amakazinga tambala asanalire
nkukakhala nazo pageti la esiteti
podikira othyola tiyi.
Ndinalemba nthochi, mgaiwa, soda,
mafuta a m'botolo la Sobo,
nkhuni zomwe iwo sawerenga poti amatola okha.
Ndinalembanso mayina a ongotenga,
aja a ndikupatsani tikalandira.
Mayina anadzaza masamba awiri.

Pakutha pa mwezi nambala inatuluka yofiira.

Usiku, tochi ya foni ili kukamwa,
ndinawatsegulira kope.
Amayi, mukukazingira mphepo.
Iwo sadziwa kuwerenga.
Anapukuta manja pachitenje, nati, tchula mayinawo.

A Nachipo, sauzande imodzi ndi mazana awiri.
Ameneyo anakubereka kumsana, anatero,
usiku uja unakomoka ndi malungo,
Ruo atadzaza, mpaka ku Mishoni, wapansi.

A Mulewa, kuyambira Januwale.
Matabwa a bokosi la bambo ako
unamva kuti tinagula kuti?

Anaphiri a kumpanda.
Mbuzi yawo ndi imene inalipira fizi yako ya Fomu 1.

Ndinapitiriza, mawu akunka nachepa,
dzina lililonse likutuluka ndi katundu kumutu,
wina khasu, wina chidebe cha madzi pamaliro,
wina kungokhala nawo pakhonde osanena kanthu.
Nanga zimenezo, anafunsa,
wazilemba mbali iti, yolowa kapena yotuluka?

Ndinafika pa Biziwiki wa njinga ya kabaza.
Apo anakhala tsonga.
Ameneyo lemba ndi zofiira kawiri,
mawa umutsekere njira pamlatho.
Ndipo za nkhunizo wanena zoona,
msana wangawu si wa boma.
Kuyambira Lolemba chitumbuwa chikwera.

Ndinatenga rula yothyoka kumapeto,
ndinajambula mzere wachitatu,
wopanda mutu, poti sindinapeze mawu ake
m'buku lonse la Bizinesi Sitadizi.

A Namakhwa anauyang'ana nthawi yaitali,
magalasi ali pamphuno, cholembera chofiira m'mwamba
ngati kabawi wosowa mwanapiye.
Izi pamayeso sizibwera, anatero.
Anandipatsa khumi ndi zinayi pa makumi awiri.
Mzerewo sanaukhwatche.

Anzanga atatuluka kukasesa,
anatembenuzanso tsamba, chala chikutsika pang'onopang'ono,
nkuima pa dzina lomwe ndinangolemba kuti Aphunzitsi.
Anatsokomola.
Anapisa m'thumba la jekete lotuwa ndi choko,
natulutsa mazana asanu ndi limodzi, opindika ngati tsamba la tiyi louma.
Ukawapatse mayi ako. Za mu Febuluwale.

Ndinalemba pomwepo, iwo akuona,
kumanzere, pa zolowa,
deti, dzina, ndalama.
Kunja chiperoni chinali chitayambanso,
Filimoni akukuwa pawindo
kuti ulendo uno tigulitse tiyi wotentha.