Matalala pa Njira ya ku Malingunde

Ndinaitchaja usiku wonse ku Kanengo,
magetsi atabwera mochedwa ngati mlamu wangongole.
M'mawa ndinadutsa mzere wa mafuta pa Chinsapo
osatembenuza khosi,
anzanga ali mtulo m'maminibasi, mapazi pawindo.

Galimoto iyi siitsokomola.
Ilibe utsi, ilibe fungo la dizilo,
imayenda phee ngati munthu wokanena uthenga wa maliro.
Koma kulemera!
Batire lonse lili kumimba
ngati miyala imene inameza ng'ona.
Kumbuyo matumba makumi awiri a mbewu ya soya,
pambali panga Filesi Nankhoma, mlangizi,
chala pa kope, akuwerenga mayina a alimi.

Titasiya tala, mtambo unatsika ku Dzalanyama
uli bii, osapereka moni.
Kenako padenga go! go-go-go!
ngati ana zana atigenda nthawi imodzi.
Ndinaima pansi pa mkuyu.
Pamene kunkata, dziko linali mbee,
mizere ya m'munda, njira, msana wa chulu,
mbuzi itaima pakati yosadziwa poponda.

Filesi anati, achimwene ali kunja amanditumizira zithunzi,
kwawoko zimagwa zofewa ngati ufa wosefa.
Ndinati, zathu ndi miyala, mayi,
ngakhale kuzizira kumabwera kuno ndi nkhonya.

Pafupi ndi chiwongolero pali batani
la kachithunzi ka chipale chofewa.
Miyezi isanu ndakhala ndikuliseka:
ku Lilongwe kuno, fumbi lokhalokha, ukufuna yani?
Lero ndinalidina ndi ulemu.

Tinayenda.
Matayala akukukuta matalala ngati chimanga chokazinga,
mutu wa galimoto ukufuna kumadzulo,
matako akufuna kum'mawa,
ine pakati, wopempha mbali zonse.
Pagalasi nambala ikutsika,
makumi anayi ndi zitatu, makumi anayi ndi ziwiri,
ngati ndalama za pa mwezi.

Padambo choyeracho chinatinamiza.
Pansi pake panali dothi la makande,
ndipo matani atatu anakhala pansi bwinobwino
ngati mlendo wopatsidwa mpando.
Matayala anayi anazungulira, matope thapsa pagalasi,
popanda kubangula kwa injini koitana anthu.
Kutitimira mwakachetechete n'kochititsa manyazi.
Ndinaliza hutala.

Anabwera ndi makasu, asanu ndi mmodzi,
patsogolo Zakeyu Chimbalanga, buluku lopinda m'maondo.
Kamnyamata kanagunditsa khutu pa boneti.
Yafa?
Ndinati ili moyo, imangosunga mawu.

Zakeyu sanatchule ndalama.
Anaona soketi ya kumbuyo, naitana kumudzi,
ndipo panabwera mafoni asanu ndi awiri, tochi,
ndi wailesi yomanga ndi mphira.
Iwo akukumba, galimoto ikuyamwitsa,
zonse zili ndondondo pa matumba a soya.
Njerwa zosweka, nthambi za malaina, mtolo wa mapesi,
phewa pa chitseko,
tiyeni! tiyeni!
Inatuluka pang'onopang'ono ngati dzino la m'kati,
ndipo phokoso lonse linali la anthu.

Kutsidya choyera chija chinali chitatha kale.
Kunatsala fodya wa Zakeyu,
masamba obooka ngati neti yakale,
ngongole ya feteleza ili chiimire m'mizere.
Anayang'ana kamodzi, natola foni yake,
nati, bola yadzaza.
Filesi anatseka kope.

Ndinali nditatola talala limodzi, lalikulu ngati dzira la nkhunda,
ndi kuliika m'kapu ya pafupi ndi giya
kuti Tinenenji wanga akaone
kuti bambo ake anayendetsapo pa choyera.
Pobwerera, dzuwa likulowa, nambala ili pa khumi ndi zinayi,
ndinasuzumira pa Likuni:
timadzi tokha, ndi kaudzu kamodzi kakuyandama.