Kumbuyo kwa Dailesi

Kanta inafera m'matope pakati pa usiku,
mvula ya Febuluwale, tikuchokera ku Vubwi,
anthu khumi ndi asanu pamwamba pa matumba,
nkhuku zitatu, mbuzi yomangidwa miyendo.
Dalaivala Yotamu anasuzumira injini nthawi yaitali
ngati wowerenga kalata ya chilankhulo chachilendo,
kenaka anayatsa fodya.

Basi, msonkhano unayamba.
Aphunzitsi opuma ntchito anati tidikire kuche.
Wamatimati anati atibwezere ndalama zathu.
Nanenso ndinathirapo ndemanga, zambirimbiri,
poti pakamwa salipira msonkho.
Nzeru zinadzaza galimoto mpaka kutayikira,
koma phazi lotsika panalibe.

Iye sanayankhule.
Mtsikana woonda, wa juzi yobooka pachigongono,
anavula nsapato nazikoleka m'khosi,
envulopu yakhaki anaikulunga m'jumbo
naipisa pachifuwa,
chitenje anachikwinyira m'mawondo,
nalumpha.
Matope anati phwa!
Sanati tiyeni. Sanacheuke.

"Kodi ameneyu akupita kuti?"
anafunsa mayi wina wa khanda,
koma pofunsapo n'kuti ali kale pansi, akumanga mbereko.
Wamatimati anasenza dengu.
Aphunzitsi anati izi n'zachibwana,
uku akupinda buluku.
Ine sindikumbukira pamene ndinaganiza,
ndinangoona miyendo yanga ikupita.

Kutsogolo kwathu kunali kakuwala ka foni yosweka galasi,
kochepa ngati chiphaniphani,
komabe sikanali kuwalako komwe tinkatsata.
Unali msana wake.
Msana wa munthu woyembekezedwa kwinakwake
uli ndi kaimidwe kake,
sufunsa mdima chilolezo.

Pamtsinje wosefukira anathyola ndodo,
nayeza madzi, nabwerera, nayeza pena,
kenaka analowa mpaka m'chiuno.
Tinagwirana manja ngati ana a sukulu,
khanda lili pamutu pa aphunzitsi.
Agalu a midzi yosadziwika anatiuwa,
chimanga chonyowa chikutikwapula kumaso.
Pamphambano anaima, nazimitsa foni,
natchera khutu kumphepo.
Kutali, kutali zedi, lole inabangula pa tala.
Anakhotera kumanzere. Ifenso kumanzere.

Kunja kukuyera tinaponda msewu wakuda,
mapiri a Chipata ali apo, ataphimba mitu ndi nkhungu.
Anakhala pamwala kutsuka mapazi m'chithaphwi,
chala chachikulu chikutuluka magazi.
Ndinamufunsa dzina. Dailesi Njobvu.
Ndinati, mwana iwe, njira imeneyi unaidziwa liti?
Anaseka, mano akugundana ndi chisanu.
"Sindinapitemo n'kamodzi komwe, amalume.
Mtima unali thi thi thi kuyambira pa kanta paja.
Koma eyiti koloko akuitana maina kusukulu ya anamwino,
ndipo kalata iyi yalembedwa langa."
Anaisolola. Inali youma.

Ndinafuna kukwiya.
Usiku wonse, ife akuluakulu a imvi zathu,
kulondola mwana wosadziwa njira!
Koma mapazi anga anali pa tala,
ndipo Yotamu ndi mbuzi yake anali akadali m'matope.

Anavala nsapato, naimitsa njinga yamoto,
natsazika ndi dzanja limodzi, linalo lili pachifuwa.
Juzi yobooka ija inachepa, inachepa, n'kuzimirira pakona.

Tinatsala chiimire m'mphepete mwa msewu,
matope akuuma m'miyendo ngati sokosi,
tikuyang'anana.
Aphunzitsi anakonza kukhosi kuti atsegule msonkhano.

Ine ndinakumbuka kuti ku Kapata malo amatha msanga,
kuti nyemba zanga sizidzigulitsa zokha.
Ndinasenza thumba, mawondo akunjenjemera,
ndinayamba kuyenda osauza munthu.
Nditapitako pang'ono ndinamva kumbuyo kwanga
patapata wa winawake, phya, phya, phya,
kenaka wina.
Khosi linandiyabwa kufuna kucheuka.
Sindinacheuke.