Tsiku Lachinayi pa Bodala

Netiweki yagwanso, akutero Yotamu wa mapepala,
akukupiza fayilo yanga ngati akukoleza mbaula.
Ndangogwedeza mutu.
Mawu anandithera Lolemba,
tsiku lomwe inatha ndalama ya kamba.

Matani makumi atatu a simenti ali kumbuyoku, phee,
sakudandaula.
Ukudandaula ndi msana,
fupa lachitatu kuchokera m'chiuno,
lomwe limadziwa dzenje lililonse
kuchokera ku Namitete mpaka ku Katete,
pomwe ine sindidziwa dzina la mphunzitsi wa mwana wanga.

Ndawerenga mathiraki a pamzerewu.
Ndawerenganso, mwina ina yasowa.
Ndapukuta galasi lopukutapukuta kale.
Phiri la Mchinji lili pomwe linali dzulo,
ndipo tasiya kupatsana moni.

Pansi pa ngolo, Gelevaziyo wa thanki ya dizilo
wayala katoni ndi zitsekerero za mabotolo.
Wandidya katatu pa drafuti.
Sizinandiwawe.
Chimenechi ndicho chikundiopsa.

Chaka chomwe ndinatenga laisensi
mayi anagulitsa matumba asanu a mtedza.
Ndinalowa pa Mkanda ndikuliza hutala,
ana akuthamangira fumbi langa,
ine chigongono pawindo ngati mwini msewu.
Lero hutala ndimalizira mbuzi basi.

Mwezi watha, kupitirira pa Kamwendo,
ndinadzidzimuka maso ali chitsegulire.
Makilomita makumi awiri anasowa m'mutu mwanga.
Manja ndiwo anayendetsa.
Ine ndinali kuti?
Sindinauze abwana, iwo amafunsa za matayala.
Sindinauze Nankhoma, angasiye kugona.

Usiku wathawu Mwatitha analanda foni kwa amake:
Ababa, dzino lachoka, ndaliponya padenga.
Kenako anafunsa mosaseka,
Kodi inuyo kwanu kwenikweni n'kuti?
Mayunitsi anathera pomwepo.
Ndinawathokoza.

Ndiye lero masana ndatseka chitseko,
makiyi m'thumba,
ndangoyamba kuyenda.
Kudutsa osintha ndalama, kudutsa chiwaya,
kudutsa mnyamata wogulitsa matchaja osagwira,
mpaka pomwe phula lathera
ndipo nsapato zayamba kutola chisoso.

Ndinali nditaiwala kuti dziko limathanso kuyenda pang'onopang'ono,
kuti mtengo sumangodutsa pawindo,
uli ndi khungwa, uli ndi nyerere zake.

M'munda wina bambo wa chipewa chong'ambika akukumba mtedza.
Ndati, Tandibwerekani khasulo.
Wayang'ana ovolosi yanga, wayang'ana mimba yanga,
wati, Mwatumidwa ndi bungwe?
Ndati ayi.
Nanga mwadwala?
Ndati mwina.
Wandipatsa.

Khasu loyamba ndadula mtedza pakati.
Waseka mpaka kutsokomola.
Lachiwiri dothi latseguka,
fungo lake landimenya pamphuno,
fungo lopanda dizilo, lopanda mabuleki opserera.
Ndazula phata, ndakutumula,
ndaswa khoko ndi chala chachikulu.
Mtedza wauwisi, wamkaka, wozizira.
Thukuta ili ndi langa,
osati lija la mpando.

Dzina lake ndi a Zefaniya.
Sanandifunse kuti ndifika liti,
sanandifunse kuti ndanyamula chiyani.
Angoti, Mzerewo ukathere pachulu paja.

Matuza awiri atuluka m'manja,
manja omwe ndinkayesa kuti anasanduka chiwongolero.
Akuwawa.
Ndakondwa kuti akuwawa.

Foni yalira m'thumba.
Yotamu: Adalaivala muli kuti? Yabwera!
Thamangani isanagwenso!

Ndayang'ana kumsewu.
Utsi wayamba kale kukwera,
mzere ukudzuka ngati njoka yomwe yamva dzuwa.
Mawa ndidzakhala ku Kanengo,
mkuja adzanditumanso,
ndipo pempho langa la tchuthi
likadali m'kabati ya abwana, pansi pa malisiti.
Ulendo uno ndikalitulutsa ndekha.
Ndikakhala pakhomo mpaka dzino la Mwatitha litamera.

Ndikubwera, ndamuuza Yotamu.
Simenti siwola.

Kwatsala mapata asanu ndi awiri
kuti ndifike pachulu.