Nkhumba ya ku Kamwala

Basi ya ku Chipata yaphulika tayala,
akuti tinyamuka dzuwa likapendeka.
Njala yandikokera kuseri kwa Kamwala,
pa kachitseko ka buluu
pomwe amake Zelipa akuvundula msuzi wa nkhumba.

Amuna awo amasunga chenji m'chitini cha mkaka.
Zelipa, osavula n'komwe yunifomu,
akulimbana ndi masamu pathebulo langa lomweli.

Chikopa chawolowa,
tomato wapsa mpaka kuiwala dzina,
tsabola akundiluma mwachipongwe ngati mlamu.
Fupa ndaliyamwa mopanda manyazi.

"Mwachokera kutali," atero mayiwo,
naponya nthuli ina ya mbasela.

Uko basi yayamba kuliza hutala.
Ilire.
Zala zanga zikadali pantchito.