Chitsakano cha Gareth

Lolemba ku Sheffield. Mvula yamawawa
yosasamala za ambulera.
Patebulo langa pafika kabotolo:
Gareth Ollerenshaw, dalaivala wa basi,
chitsakano chapansi, kumanzere.

Sindinamuonepo.
Ndimangodziwa mafinya ake.
Kalata ya dokotala ikuti muzu womwewo aubowola kawiri,
anazula mtsempha, natsuka, namata,
koma usiku dzino lakufalo limagogodabe
ngati mwini ngongole.

Ndapaka mafinyawo m'mbale,
ndayalapo timapepala tisanu ta mankhwala,
toyera, tobulungira ngati mabatani a yunifolomu.
Kukacha, kalikonse kayenera kukhala ndi bwalo lake loseseka,
pamene tizilombo taopa kuponda.

Kwacha.
Tamera mpaka m'khosi mwa amokisilini.
Kachiwiri takazinga. Kachitatu, kachinayi, chimodzimodzi.
Kachisanu kokha kasungako kabwalo
kopyapyala ngati chikhadabo chowengedwa.

Tilibe mutu tizilomboti
koma timapatsirana mayankho
monga tinkachitira ife m'Sitandade 7,
kapepala kuyenda kunsi kwa madesiki
mpaka mbuli yakumbuyo nayo n'kukhoza.

Ku Ndirande atsibweni anga ankagulitsa makapisozi pabenchi,
pakati pa machesi ndi mabatire,
awiri, atatu, monga thumba la wodwala lalolera.
Tinkawatsegula n'kuwaza pachilonda,
otsala kusungunulira nkhuku za chitopa.
Ndinkati ndi umphawi wathu umenewo.
Ndinkati ukawoloka nyanja zimatha.

Koma Gareth wameza mapaketi anayi chaka chino
podikira mpando wa dokotala wa mano,
miyezi isanu ndi iwiri, tsaya lili tutumu,
akuwerenga chenji cha anthu ndi diso limodzi lamisozi.
Paketi iliyonse inapha tofooka
n'kusiyira touma mitu nyumba yonse,
ngalande yamdima, yofunda, yopanda magazi odutsamo.

Ndalemba zotsatira. Ndasaina, N. Chikaonda.
Ndasamba m'manja kawiri.

Madzulo pokwera basi
ndayang'anitsitsa tsaya la dalaivala
mpaka wandifunsa ngati pali vuto.
Ayi, ndatero, palibe.

Kunyumba, m'kabati pamwamba pa sinki,
kuseri kwa mchere ndi tiyi wa ku Thyolo,
muli kapaketi kanga.
Makapisozi asanu ndi limodzi
amene ndinawasiya nditangopezako bwino mu Febuluwale,
ati kusungira tsiku loipa.

Ndaima nako m'manja, jasi ndisanavule.
Lilime langa, losatumidwa,
likuyendera mano limodzilimodzi.