Kabokosi Kolamulira Thupi

Usiku wachitatu wotsatizana, mu Januwale wa ku Tartu,
galimoto ya bambo inadzuka yokha pabwalo.
Maloko khwa, khwa, kudzikhoma ndi kudzitsekula,
mawaipa akukanda madzi oundana pagalasi,
nyali yamkati ikuphethira.
Mayi anaima pazenera atafunda bulangete.
"Ndi Valdur ameneyo. Akufuna makiyi ake."
Bambo tinawaika m'manda mu Okutobala.

Kutacha ndinapita kwa a Endel,
amene msana unawakaniza zogona pansi pa magalimoto.
Sanadzuke n'komwe pampando.
"Si mzimu," anatero akuuzira khofi.
"Injini ili ndi ubongo wake, inde,
koma kuli kena, kabokosi kolamulira thupi:
maloko, nyali, hutala, magalasi a m'zitseko.
Kakanyowa kamabwebweta.
Uyambe wachotsa waya wakuda pabatire,
udikire mphindi khumi.
Usapupulume, Maarika."

Ndinagona chagada, mutu pansi pa chiwongolero,
miyendo panja m'chipale chofewa,
tochi ndaluma ndi mano.
Masikulu atatu. Chivundikiro chinakana,
ndinachikoka mwamphamvu, kadzino kake kamodzi thyo!
Mafiyuzi ali ndandanda, ofiira, abuluu, achikasu,
mawaya omangidwa mitolomitolo,
koma kabokosiko osaoneka.
Zala zinali zitafa kale.

Pafoni a Endel anaseka mpaka kutsokomola.
"Ndakalamba ine. Za chaka chimenecho anakasamutsa.
Pita mbali ya wokwera, kuseri kwa kabati."

Ndinafinya kabati mbali zonse ziwiri, inagwa pakamwa yasa,
ndipo kuseri kwake kunakhuthuka
pensulo yotafunidwa kumutu,
malisiti a mafuta a zaka zinayi,
ndi timapepala ta masiwiti, tambirimbiri,
ta munthu amene analumbira kwa dokotala
kuti shuga anasiya.
Ndinakhala kaye pamenepo.
Mpweya wanga ukuchita utsi m'kuwala kwa tochi.

Kenaka ndinapinda kapeti. Yonyowa, yolemera.
Ndinapisa dzanja mpaka m'chigongono
ndi kukakhudza: kosalala, kozizira,
kukula kwake ngati chikhatho chotambasula.
Mabawuti awiri, sipanala ya nambala teni,
mapulagi atatu, lililonse ndi kachogwirira kake
kofuna kukankhidwa modekha, osati kukokedwa.
Lachitatu linatuluka likudontha.
Timano take tonse tinali tobiriwira,
dzimbiri litamera ngati ndere.

Madzi achokera kuti?
Ndinawalondola m'mwamba, kutsata mzere wa dothi,
mpaka panja, m'munsi mwa galasi lakutsogolo,
pamene pali kangalande kotayira mvula.
Kanali kotsekeka ndi masamba owola
a mtengo woyera khungwa wa pageti pathu.

Apo m'pamene ndinakumbukira kawaya kopindika
kopachikidwa pa msomali m'galaja,
ndi bambo, chaka ndi chaka masamba akayoyoka,
atawerama pa boneti, akutokosa pamenepa
osauza munthu chifukwa chake.
Chaka chino panalibe wotokosa.

Ndinalowa m'nyumba kabokosi kali m'manja,
ndi kukaika pa nyuzipepala pafupi ndi chitofu.
Mayi anakayang'ana nthawi yaitali.
"Ndiye si iyeyo?"
Ndinayamba kufotokoza za masamba, za madzi, za dzimbiri,
koma ndinalekera panjira.

Timapepala ta masiwiti tili m'thumba la jekete langa.
Za ito sindinawauze.