Denga Linabwera, Denga Linapita

Pomwe mwaimika galimoto yanupo, mayi,
mzere wachisanu, pafupi ndi nyali yopendekeka ija,
panali mtengo wa mapichesi
umene bambo anga, a Hovsep, ankautcha waulesi:
unkapsa ina yonse itatha.
Ndikudziwa chifukwa ndinayeza ndi mapazi anga
kuchokera pa ngalande.
Ngalandeyo ilipobe, ikungoyenda pansi pa phula.

Munali mu 1957, kunja kuno kwa Fresno,
pamene a Delbert Rusk, a chipewa choyera,
anayala pepala pa boneti
nalitsendereza ndi mapichesi athu anayi
kuti mphepo isaliulutse.
Papepalapo munda wathu unali utafa kale.
Dzanja linali la bambo,
koma inagwira cholembera ndi ngongole ya kubanki.
Mathirakitala anazula mizere makumi atatu
sabata isanathe,
ndipo utsi wa zitsa unkanunkhira motsekemera, mwachipongwe.

Masitolo anamera moyang'anizana,
pakati njira ya oyenda pansi okhaokha,
kumwamba kuli mbee.
Kasupe wa simenti, mabenchi,
wotchi yaikulu yothamanga ndi mphindi zitatu.
Tsiku lotsegulira mayi anga anavala magolovesi oyera
kukagula singano
pamalo pomwe ankathirira mbande osavala nsapato.
Ine ndinapeza kakona aka, kabokosi ka machesi,
n'kuyamba kudula makiyi.
Nyumba zinkabadwa usiku uliwonse
ndipo chitseko chilichonse chinkandifuna.

Patapita zaka makumi awiri
anati dzuwa likuthamangitsa makasitomala.
Anatifundika denga.
Mphepo yozizira ya makina, maluwa apulasitiki,
nyimbo yopanda mwini ikutsika m'zipupa.
Zaka zimenezo mvula ndinkaimvera
kwa munthu wolowa ndi ambulera yonyowa.
Achinyamata ankazungulira kasupe mpaka alonda kuwapirikitsa;
mwana wanga Siranush anapeza mwamuna pomwepo,
anadzam'siyanso pomwepo, pa benchi yomweyo.

Kenako kunatsegulidwa msika wina, wamkulu,
kutsidya kwa msewu wa malole.
Sitolo ya nsalu inatseka.
Ya nsapato.
Ya mabuku inalimbalimba, nayonso zii.
Kasupe anauma; makobidi a anthu opempha mwayi
anawatola mlonda Ignacio
natigulira khofi tonse awiri.
Denga linayamba kudontha.
Tinatchera ndowa khumi ndi ziwiri,
ndipo m'mamawa okalamba ankadzayenda mozizungulira
poti adokotala anawauza aziwongola miyendo.
Sankagula kanthu, koma moni sankamana.

Chaka chatha kunabwera mtsikana wa laputopu
nati anthu masiku ano akufuna mpweya,
akufuna kuona thambo akamagula.
Anasasula denga lonse
n'kunena kuti ndi nzeru yatsopano.
Ndinaseka mpaka kulakwitsa mano a kiyi wa munthu.
Mvula yoyamba ndinatuluka wopanda jekete
ndikuima pamene panali ndowa yachitatu.

Tsopano mipando ili panja, nyali zalendewera pazingwe,
kapu imodzi ya khofi
mtengo wake dengu lathunthu la mapichesi a bambo.
Dzina latsopano pachipatapo likutanthauza munda wa zipatso.
Abzalanso mitengo, yokongola ndithu,
ikachita maluwa anthu amajambulitsa.
Ndinam'funsa mnyamata wothirira;
akuti ndi mtundu wosabala,
zipatso zimadetsa magalimoto, zimaitana mavu.

Nayu kiyi wanu.
Mukamuyese, akakana mubwere naye, sindilipiritsa kawiri.
Koma pobwerera m'mbuyo pa mzere wachisanu paja musamale,
phula latukumuka pang'ono,
lang'ambika ngati chala cha munthu.
Eni ake akuti ndi paipi.
Mwina ndi paipidi.